Chikho cha Kachewere ndi Tambala wa Anangozo

Chaka chilichonse chikamapita kumapeto, alamu anga a Gracian amatulutsa jekete lawo la ukwati m'sutikesi, kulikutumula fumbi, kulivala, n'kutsetsereka ku boma kukaonera kanema. Si kanema wa nkhonya kapena wa mpira ayi. Ndi mwambo uja umachitikira kumayiko akunja, wopereka mphotho kwa akatswiri othamanga mitunda italiitali pamsewu, amene aposa anzawo padziko lonse m'chakacho. A Dyton, amene ali ndi malo ometera pafupi ndi depoti, amawasungira mpando wakutsogolo, ndipo amazimitsa makina ometera kuti alamu amve bwino mayina.

Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Alamu, jeketeli n'la chiyani? Kodi a pakanemawo amakuonani?"

"Mirriam, iwe sudziwa kanthu," adatero. "Anzako akamalandira ulemu supitako utavala zakumunda."

Anzawo! Anthu a ku Kenya ndi ku Ethiopia, okwera ndege ngati minibasi, ndiye akhale anzawo a mlimi wa kachewere wa ku Biriwiri. Ine ndawaseka alamu angawa kuyambira ndili kamtsikana, ndipo mlamu ndi wosekedwa basi, palibe mlandu. Koma lero ndikufuna ndinene mbiri yawo bwinobwino, chifukwa anthu a pamsika aipotoza mokwanira.

A Gracian kwawo ndi ku Kasinje, kuchigwa kotentha kuja. Bambo awo, malemu a Edson, adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, ndipo pobwerako adabwera ndi zinthu zitatu: wailesi, chifuwa chosatha, ndi nkhani imodzi imene sankatopa nayo. Ankati kumeneko kuli mpikisano wa anthu othamanga kuchokera mumzinda wina kukafika mumzinda wina, tsiku lathunthu ali pamsewu, ndipo wofika amamuveka mendulo m'khosi anthu akuwomba m'manja. Ana ena onse ankamva ngati nthano. A Gracian okha ndiwo adaimeza nkhaniyo, ndipo idakakhala m'miyendo.

Atakwatira achemwali anga a Lufina adakwera phiri kudzakhala kwathu pachikamwini. Pasanathe sabata, m'mudzi mudagwa chipwirikiti. M'mamawa anthu akupita kumadimba adangoona mlendo uja wadutsa ali liwiro la mtondo wadooka, kabudula wofiira, thukuta kamukamu. Amuna adatola zibonga n'kumutsatira. Adakamupeza kumlatho akupuma.

"Wakubayo walowera kuti?" adafunsa akupumira m'mwamba.

"Wakuba uti?"

"Nanga mukuthamangitsa ndani?"

"Palibe. Ndikungothamanga."

Amunawo adayang'anana n'kubwerera mwakachetechete. Pofika masana mudzi wonse udali utadziwa kuti kwa Anangozo kwabwera mkamwini wothamanga popanda chomuthamangitsa.

Anangozo ndi amayi athu. Adali mayi wamfupi, wa mawu ochepa koma olasa, amene adalera ana ake ndi khasu bambo athu atamwalira. Kwa iwo mphamvu ya munthu idali ya kumunda, ndipo kuitaya pamsewu kudali ngati kuthira madzi a kudimba pathanthwe. Sikuti alamu adali aulesi. Ankalima mizere yawo kumaliza ena asanafike pakati, ndipo kachewere wawo ankalimbiranidwa ndi ogula a ku Blantyre. Koma amayi ankati akadapanda kuthamanga bwenzi akulima minda iwiri.

Mawu amenewa sankawauza okha, chifukwa kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso ndipo salankhulana. Uthenga umadzera mwa munthu wina. Ndiye zinkachitika n'zakuti amayi ali pakhonde, alamu ali kuseri kwa nkhokwe pomwepo, achemwali ali pakati ngati lamya.

"Lufina, kawauze bambo a Tisungane kuti kuthamanga si kufika."

"Akuti kuthamanga si kufika."

"Auze amayi kuti ndamva, zikomo kwambiri."

"Akuti amva."

"Ndamva kale, sindine gonthi."

Akakumana panjira ndiye kudali kuonetsa ulemu weniweni. Alamu ankapatuka msanga kulowa patchire, kunyonyomala, nkhope kumbali, n'kumawomba m'manja pang'onopang'ono mpaka amayi atadutsa. Sankasankha polowa. Tsiku lina adanyonyomala pa chitedze, ndipo adapirira osadzikanda mpaka amayi atazimiririka pakona. Liwiro limene adathamanga tsiku limenelo kupita kumtsinje, ine ndimati likadajambulidwa bwenzi ndege itabwera kudzawatenga.

Manyazi oterewa sakhala mpaka kalekale. Pabanja pakabadwa mwana, mkamwini akaoneka kuti ndi munthu, apongozi amagwira nkhuku n'kumupatsa, ndipo kuyambira pamenepo amamasukirana, kumacheza ngati mayi ndi mwana. Akamwini ena onse a m'mudzi mwathu adalandira nkhuku zawo. Amuna anga omwe adadya yawo mwana wathu woyamba asanayambe kukwawa. Koma a Gracian ayi. Mwana wawo Tisungane adabadwa, adakula, adakwatiwa, nkhuku osaoneka.

"Nkhuku yanga sindingapatse munthu wothamanga ngati waba mbuzi," ankatero amayi. "Akadzaleka zachibwanazo, tidzaona."

Alamu sankadandaula pagulu, koma chinthuchi chinkawawawa. Amayi awo owabereka adamwalira iwo ali mnyamata, ndipo achemwali adandiuza kuti nthawi zina amuna anga akakhala pamkeka kumaseka ndi amayi, a Gracian ankanyamuka kupita kudimba ngakhale kulibe chochita. Kusiya kuthamanga sakadatha, kudali ngati kuwauza kuti asiye kupuma. Ndiye adadziikira lamulo lawolawo mumtima: tsiku limene adzabweretse chikho pakhomo n'kuchiika pakhonde la Anangozo, amayi adzaona kuti sizidali zachibwana, ndipo nkhuku idzatuluka.

Chikho chimenechi n'cha mpikisano wa kwathu konkuno, umene anthu adangoutcha Liwiro la Kachewere chifukwa umachitika nyengo yozizira, anthu atakumba mbatata. Othamanga amayambira pa Nsipe, kudutsa pa boma, kenaka kukwera chitunda chonse chija mpaka pabwalo la mpira ku Biriwiri. Wopambana amasunga chikhocho chaka chathunthu. N'chachitsulo, chili ndi makutu awiri, ndipo chidaphwanyika pang'ono mbali imodzi chitagwa panjinga. Koma alamu ankachiyang'ana ngati ndi chija cha pakanema.

Chaka ndi chaka ankalowa nawo, ndipo chaka ndi chaka ankakhala achiwiri, achitatu, pena achinayi. Vuto lawo silidali mpweya kapena miyendo. Lidali ulemu. Munthu uyu sangadutse wamkulu osapereka moni. Ali pakati pa mpikisano umangomva, "Mwadzuka bwanji, agogo? Kunyumba ali bwanji?" Ndipo agogowo akayankha n'kufunsanso, alamu ankachepetsa liwiro kuti amve funso lonse. Chaka china adaima pa boma kuthandiza mayi wina kusenza dengu la tomato. Achemwali adakalipa mpaka mawu kusasa.

"Inu, a ku Kenya anuwo mudawaonapo akupereka moni pamsewu?"

"Mwina kwawoko anthu sadziwana," adayankha alamu.

Zaka zidapita, imvi zidayamba kutuluka, ndipo bondo lakumanzere lidayamba kulankhula pokwera chitunda. Kudabweranso mnyamata wina wa ku Nsipe dzina lake Fanizo, wopalasa kabaza, wamiyendo ngati mipini, amene adatenga chikho kawiri motsatizana osatuluka ndi thukuta lomwe. Adokotala a kuchipatala atawaona alamu adawauza mosabisa kuti bondolo latsala ndi mpikisano umodzi wamphamvu, ukatha umenewo azingoyenda ngati anzawo.

Chaka chimenecho a Gracian adasintha. Adasiya tiyi wa shuga wambiri, adayamba kukwera phiri atanyamula thumba la mchenga, ndipo adalumbira pamaso pa achemwali kuti sapereka moni kwa munthu aliyense, kaya akhale abusa. Ankayeserera pa ine. Ndikawapatsa moni panjira ankangodutsa nkhope ili gwa, kenaka madzulo kubwera kudzapepesa.

Za amayi sitinkada nazo nkhawa. Tsiku la mpikisano iwo ankatenga khasu m'mamawa kupita kudimba, kutali ndi msewu, n'kubwerako zonse zitatha. Sadaonepo mkamwini wawo akupikisana ngakhale kamodzi. Tsikulo litafika adanyamukadi ndi khasu lawo monga mwa nthawi zonse, ine n'kutenga chigubu cha madzi kupita pamphambano pamene njira ya kwathu imakumana ndi tala. Pamenepo ndi pachitunda chomaliza, bwalo la mpira limaonekera chapatali. Anthu adali atadzaza mbali zonse, ogulitsa chimanga chootcha, ana a sukulu, ndi amayi a pamsika atasiya kabichi wawo.

Ndili chiimire ndidamva munthu akundigwira pamkono. Kucheuka, ndi amayi. Khasu palibe. Avala chitenje chawo chatsopano chopitira kutchalitchi, duku lomanga bwino, ndipo m'khwapa apanira tambala wamkulu wofiira, womangidwa miyendo ndi luzi.

"Amayi! Mukudzatani kuno?"

"Ndamva kuti lero n'komaliza," adatero osandiyang'ana. "Ndati ndidzaone chimene chakhala chikuwathamangitsa zaka zonsezi."

"Nanga tambalayu?"

"Tambala ndi wanga. Ukufunsiranji?"

Mtima wanga udadumpha ndi chimwemwe, kenaka udagwa pansi nditazindikira pamene adaima. Adali kutsogolo kwenikweni, zala za kumapazi zitagunda tala.

"Amayi, chonde bwererani kumbuyo. Bisalani kuseri kwa anthuwa. Alamu akakuonani..."

"Ndibisale pamsewu wa boma? Ndaba chiyani?"

Ndisanayankhe, njinga yamoto yotsogolera idatulukira pakona ikuliza hutala, ndipo kumbuyo kwake kudali kabudula wofiira uja. A Gracian adali patsogolo okhaokha! Fanizo ankaoneka kumunsi kwenikweni, kakang'ono ngati nyerere. Anthu adakuwa, amayi a pamsika adayamba nthungululu, ine ndidalumpha mpaka madzi kutayikira pachitenje. Alamu ankabwera mutu uli chilili, maso patsogolo, osapereka moni kwa wina aliyense. Adadutsa ngakhale mkulu wa mpingo ngati sakumudziwa.

Kenaka adawaona amayi.

Ine ndikhulupirira kuti mutu wawo sudaganize kanthu, miyendo idachita yokha zimene idazolowera. Adapatuka pamsewu, kutsikira m'ngalande, kunyonyomala, nkhope kumbali, n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono kudikira kuti apongozi adutse.

Tsono amayi nawo mwambo udawagwira. Ataona mkamwini, adatembenuka, kunyonyomala m'mbali mwa msewu, kudziphimba kumaso ndi nsonga ya chitenje, kudikira kuti mkamwini adutse.

Ndiye taganizani. Uyu wanyonyomala uku akudikira uyo, uyo wanyonyomala uko akudikira uyu, tambala akukupiza mapiko, wa njinga yamoto waima akuyang'ana kumbuyo kusowa chochita. Khamu lonse lidayamba kukuwa. "Dzukani, a Gracian! Dutsani!" Ena ankagwa ndi phwete. Ine sindidaseke. Ndidakwiya kwambiri moti ndikadakhala ndi mphamvu ndikadawanyamula onse awiri n'kuwagundanitsa mitu.

"Amayi, dutsani inuyo!" ndidakuwa.

"Ndidutse ndipite kuti? Ine ndafika. Adutse iwowo."

"Alamu, akuti mudutse!"

"Auze amayi kuti ayambe ndiwo," adayankha alamu ali m'ngalande, akupumira m'mwamba.

Tili mkati mokambirana zaulemuzo, Fanizo adafika. Adayang'ana uku, adayang'ana uko, osamvetsa kuti kwagwanji, n'kudutsa pakati pawo ulendo kumtunda.

Amayi adasuzumira pansi pa chitenje n'kuona msana wa mnyamatayo ukupita. Adayang'ana m'ngalande, adaona munthu wa imvi ali chinyonyomalire, thukuta likugwera m'fumbi, akuwombabe m'manja. Sindidziwa chimene chidachitika mumtima mwawo. Ndidangoona aimirira, chitenje chakumaso achitaya, awoloka msewu mpaka pamphepete pa ngalande, n'kuwayang'ana alamu m'maso.

"Bambo a Tisungane! Dzukani apo! Thamangani, mwana wanga, akupita nachotu chikho chathu!"

Awa adali mawu oyamba amene amayi adalankhula kwa a Gracian pamaso ndi pamaso chikwatirire. Alamu adatsegula pakamwa ngati ayankhe, koma amayi adawaopseza ndi tambala yemweyo. Adavumbuluka m'ngalandemo. Bondo lija lidali litauma chifukwa chonyonyomala, moti poyamba ankatsimphina, kenaka adaligonjetsa n'kuyamba liwiro limene sindidalionepo. Amayi nawo adayamba kuthamanga m'mbali mwa msewu, duku litagwa, tambala akulira m'khwapa, iwo akukuwa, "Mugwireni! Mugwireni ameneyo!" Anthu ena amene sadaone poyambira adayesa Fanizo waba kanthu.

Alamu adamutsata Fanizo mpaka pachipata cha bwalo. Adamuyandikira moti akadatambasula dzanja akadagwira malaya. Koma chingwe adadula ndi Fanizo.

Popereka mphotho alamu adaima pambali, manja kumbuyo, akuyang'ana chikho chija chikupita m'manja mwa mwini wake. Adamuwombera m'manja mnyamatayo ndi mtima wonse, koma nkhope yawo idali ya munthu amene nyumba yamupsera. Apo mpamene amayi adadutsa pakati pa bwalo, osalabadira akuluakulu okhala pamipando, n'kukaima patsogolo pawo. Alamu adayamba kale kupinda mawondo.

"Iyayi, imani. Zonyonyomala zatha, zatidyetsa chikho," adatero amayi. Adawapatsira tambala uja ndi manja awiri. "Uyu ndidamusunga kalekale. Kukamwa kwangaku ndiko kudali kolimba. Landirani."

A Gracian adalandira tambalayo n'kumukumbatira pachifuwa ngati khanda, ndipo adalira pamaso pa anthu onse, kulira kwenikweni kotulutsa mamina. Ine ndidalira nawo, achemwali adalira, mpaka wa njinga yamoto adapukuta m'maso. Madzulo ake tidamudya tambalayo. Kunena zoona adali wokalamba, nyama yake yolimba ngati lamba, koma alamu adatafuna mpaka mafupa.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo padalibenso mtendere. Anthu awiriwa adali ndi nkhani zosungira za zaka zambirimbiri, ndipo adaganiza zozimaliza zonse. Ankakhala pamkeka umodzi kukangana za mbewu ya kachewere, za mtengo wa feteleza, za kumene mvula ichokere. Achemwali, amene ntchito yawo ya ulamya idatha mwadzidzidzi, ankangozungulira pabwalo kusowa chochita. Kuchigayo amayi ankauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe kuti, "Mkamwini wanga adapambana. Ndine ndidamutchinga."

Kumapeto kwa chaka chimenecho alamu atatulutsa jekete lawo, amayi nawo adamanga duku n'kunena kuti apita nawo. A Dyton adasowa mpando wachiwiri mpaka adawakhazika pampando wometera. Amayi adaonera mwambo wonse, akatswiri aja akukwera pansanja m'masuti onyezimira, kulandira mphotho zawo, kujambulitsa. Utatha adafunsa kuti, "Nanga apongozi awo ali kuti?"

"Sawaonetsa, amayi," adatero alamu.

"Basi ndiye chifukwa chake amapambana," adatero amayi. "Awabweretse kuno adzathamange pa Biriwiri ine nditaima pamsewu, tione."

Alamu adaseka mpaka kutsamwa, ndipo nkhani imeneyi amaikamba mpaka lero kwa aliyense wokhala pampando wa a Dyton.

Alamu ndi amayi adacheza dzinja limodzi lokha. Chimanga chili pafupi kucha amayi adadwala masiku ochepa, n'kutisiya. Pamaliro a Gracian ndiwo adatsogolera kunyamula bokosi, ndipo sadalole kulandiridwa mpaka kumanda.

Nyengo yozizira itafika, tidadabwa kuona atulutsanso kabudula wofiira. Achemwali adawakumbutsa mawu a adokotala, iwo adati sakukapikisana ndi munthu, akungofuna kufika. Adamanga bondo ndi bandeji n'kukwera galimoto ya ku Nsipe. Ine ndidatenga chigubu changa kukaima pamphambano paja.

Fanizo adadutsa, anyamata ena adadutsa, atsikana a sukulu adadutsa. Anthu adayamba kubalalika kubwerera ku kabichi wawo. Patapita nthawi ndithu alamu adatulukira pakona, akutsimphina, akupereka moni kwa aliyense mbali zonse ziwiri ngati phungu. Atafika pamalo paja adachepetsa liwiro. Adapatuka pamsewu, kutsikira m'ngalande, kunyonyomala movutikira ndi bondo lawolo, nkhope kumbali, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Adadikira kanthawi, ngati munthu wopereka mpata kuti wina adutse. Kenaka adadzuka, kudzikutumula fumbi, n'kupitiriza kukwera chitunda.

Palibe adaseka. Ine madzi aja ndidaiwala kuwapatsa.